Apongozi mu Buti ya a Muleya

Mukafika ku Malota n'kufunsa za Boniface Muleya, palibe amene angakuuzeni kuti ndi munthu amene anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri kufakitale ya mabulangete osachedwapo ngakhale tsiku limodzi. Sangakuuzeninso kuti fakitale itatsekedwa iye sanakhale pansi n'kumalira, koma anayenda wapansi mpaka ku Nakatindi n'kukapeza ntchito yosunga katundu pa loji ina ya alendo. Iyayi. Amangoti, "Ooo, ba Muleya aja anaika apongozi mu buti?" Anthu pakamwa ndi oipa, ndikukuuzani. Koma nkhaniyo ndi yoona, ndipo mwiniwake saikana.

Boniface anabadwira mu Malota momwemo, bambo ake anali a njanji. Anali munthu waulemu wopitirira muyezo, woti ankavula chipewa polankhula ndi abwana ake pa foni. Anakwatira Lonah, mwana wa kumudzi kufupi ndi Zimba, ndipo ankakhala bwino ndithu. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamudya mumtima. Apongozi ake aakazi, amene aliyense ankawatcha Bina Lonah, kutanthauza amayi ake a Lonah, anali asanapondepo pakhomo pake zaka zisanu ndi zinayi zonse. Iwo ankafuna kuti mwana wawo akwatiwe ndi munthu wa ng'ombe, osati wa m'tauni wopanda ngakhale khola la nkhuku. Sananenepo mawu oipa, ankangokhala chete. Boniface ankalakalaka kuti tsiku lina abwere, aone, anene ndi pakamwa pawo kuti mwana wanga ali pabwino.

Galimoto anagula mu 1996. Mzungu wina wopalasa mabwato a alendo pa Zambezi ankabwerera kwawo ndipo ankagulitsa kagalimoto kofiira koyendera petulo, kakafupi kumbuyo ngati wina wakadula ndi chikwanje. Kanali ndi zitseko ziwiri zokha m'mbali, ndi chachitatu chakumbuyo chotsegukira m'mwamba. Wofuna kukhala pampando wakumbuyo ankayenera kupinda mpando wakutsogolo, kuwerama, n'kulowa chokwawa. Makanika wina, Simasiku, ankagulitsa ina ya zitseko zinayi, yakale, yotuwa, yofuka utsi. Boniface sanaiyang'ane n'komwe kawiri.

Lonah atakaona kofiirako anakazungulira kamodzi n'kunena kuti, "Atate a Chabota, iyi ni motoka ya anyamata. Nanga anthu akuluakulu azilowa bwanji?"

"Iyi siimwa petulo," anayankha Boniface. "Ndiponso ana sangatsegule chitseko n'kugwa panjira."

Pamenepo sananame. Zaka ziwiri kagalimotoko kanawatumikira bwino. Kankanyamula mabokosi a tomato a Lonah kupita nawo kumsika wa Maramba, kankanyamula ana awo, Chabota ndi mlongo wake Twaambo, kutchalitchi, pa Khirisimasi kankawafikitsa kumathithi. Loweruka lililonse Boniface ankakatsuka mpaka matayala, ndipo potsetsereka ankazimitsa injini kuti petulo asathe. Anthu ankamuseka, iye osalabada.

Mu Okutobala 1998 Lonah anabereka mwana wachitatu, Lweendo, mochita kung'ambidwa kuchipatala. Uthenga unabwera wochokera ku Zimba wakuti Bina Lonah akubwera pa sitima kudzathandiza mwana wawo. Boniface anapenta khonde, anagula mphasa yatsopano, ndipo tsikulo, Lachitatu, anavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Lonah sakanatha kukwera galimoto ndi bala lake, choncho Boniface anapita yekha kusiteshoni. Vuto linayambira pamenepo.

Mwambo mukuudziwa. Mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi ake aakazi, sawayang'ana m'maso, sawagwira ngakhale dzanja. Bina Lonah anatsika sitima ali ndi ndodo, mayi wamtali, wathupi, bondo limodzi lotupa. Anali ndi thumba la mtedza, chigubu cha mkaka wowawasa ndi nkhuku yomanga miyendo. Boniface anagwada, anaomba m'manja akuyang'ana kumbali, n'kutsegula chitseko.

Mayiwo anayang'ana mpando wakutsogolo, anayang'ana chiwongolero pambali pake. "Ndikhale apa, a Muleya? Pafupi ndi inu?"

Boniface anapinda mpando msangamsanga n'kuloza kumbuyo. Bina Lonah anawerama, analowetsa mutu, anayesa kukweza mwendo. Bondo linakana. Anayesanso, chitenje chinakodwa pa kachitsulo kopindira mpando n'kuyamba kumasuka. Boniface anatembenuka n'kuyang'ana njanji, thukuta lili yoyoyo. Sakanatha kuwagwira, sakanatha kuwayang'ana. Mayiwo anabwerera chafutambuyo, anamanga chitenje chawo, n'kuima chilili.

Madalaivala a matakisi anali poteropo akuonerera. Mmodzi anakuwa kuti, "Ba mudala, tiwatengeko ise amayi? Yanga ni ya zitseko zinayi."

Apa ndi pamene ndimakwiya naye Boniface mpaka lero. Njira inali yomweyo, yoonekeratu. Akanangoti inde, apongozi akanakwera takisi mwaulemu, iye n'kumatsogola ndi katundu. Koma anaganiza za zaka zisanu ndi zinayi zija. Anaganiza za anthu a ku Zimba akumva kuti mkamwini ali ndi galimoto koma apongozi anakwera ya eni. Mutu unaima. Anagwetsa chotsamira cha mpando wakumbuyo, anazungulira, n'kutsegula chitseko chija chotsegukira m'mwamba.

"Kuno kuli malo, amayi," anatero akuyang'ana pansi.

Bina Lonah anakhala kaye pamphepete, analowetsa mwendo umodzi, kenako winawo, n'kutambalala ngati ali pamphasa. Boniface anaika mtedza pambali pawo, nkhuku anainyamula okha. Boniface anatseka chitseko.

Kuchokera kusiteshoni kufika ku Malota si patali, koma Boniface amati sanayendepo ulendo wautali ngati umenewo. Mayiwo anayang'ana kumbuyo, nkhope yawo yonse ili pagalasi lalikulu lija, aliyense wa panjira akuwaona. Pa Maramba msewu unali wa maenje, mawilibala ali pikitipikiti, ndiye galimoto inkayenda ngati munthu wapansi. Florida, mnzake wa Lonah wogulitsa kapenta, anaimirira n'kugwira pakamwa. Azimayi a tomato anasiya kugulitsa. Boniface akayang'ana pa kagalasi ankangoona duku la apongozi ake, losagwedezeka.

Lonah anaona zonse ali pawindo. Analandira amayi ake, anawapatsa madzi, kenako anaitanira mwamuna wake kuchipinda. Sanakweze mawu. "Amayi anga, atate a Chabota? Pamene ndimaika tomato?" Boniface anachita manyazi oti chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

Bina Lonah sanadandaule. Ankasambitsa khanda, ankaphikira mwana wawo, ankayankha moni wa mkamwini mwaulemu wonse. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

Loweruka Boniface sanatsuke galimoto. Anakabwereka sipanala kwa Simasiku n'kumasula mpando wonse wa pambali pa woyendetsa, mabawuti anayi a dzimbiri amene anamusupula zala. Anautulutsa n'kuuika pakhonde. Tsopano munthu akanatha kulowa bwinobwino n'kukhala kumbuyo ngati bwana, kutali ndi woyendetsa. Anasesamo, anayala chitenje chatsopano pampando. Anadzifunsa kuti nzeru imeneyi inali kuti Lachitatu lija.

Lamlungu m'mawa Bina Lonah anatuluka atavala za kutchalitchi, zoyera, ndodo ili m'manja. Anthu oyandikana nawo anali panja, ena akunamizira kusesa. Boniface anatsegula chitseko cham'mbali n'kugwada pafumbi. Mayiwo anadutsa pafupi naye, anayang'ana mkatimo, anaona chitenje chatsopano chija. Anapitirira n'kukaima kumbuyo kwa galimoto.

"Amayi, lowerani uku," anatero Lonah ali pakhomo, khanda lili m'manja. "Wachotsa mpando chifukwa cha inu."

"Ayi, mwanangu," anayankha mayiwo mofatsa. "A Muleya anandionetsa kale pokhala panga. Tsegulani, a Muleya, tichedwa."

Boniface anakhalabe chogwada kanthawi. Kutsutsana ndi apongozi pagulu sikukanatheka. Anadzuka, anachotsa chitenje chija, anagwetsanso chotsamira, n'kutsegula kumbuyo. Chabota ndi Twaambo anasowa pokhala, anapita wapansi. Iye anayendetsa yekha kutsogolo, pambali pake pali mabowo anayi a mabawuti.

Bina Lonah anakhala mwezi wathunthu, ndipo ulendo uliwonse ankakaima kumbuyo komweko, mpaka tsiku lobwerera kusiteshoni. Chaka chotsatira anamwalira ku Zimba. Mawu aja akuti mwana wanga ali pabwino Boniface sanawamve.

Mpando uja sanaubwezeremo. Lonah ankakhala kumbuyo ndi ana mpaka galimotoyo inatha. Mukapita kwa a Muleya lero muupeza pakhonde pomwepo, nsalu yake itang'ambika. Alendo amakhalapo. Mwiniwake amakatenga kampando kena m'nyumba.