Pondani Nokha Mumve

A Makutu anali makaniko wa galimoto zakale za anthu olemera, zija zazitali za mipando yachikopa, zomwe eni ake sazikondanso koma kuzitaya akukana. Dzinali analitengera ku ntchito. Anzawo akamathamangira kumasula mabawuti, iwo ankayamba agunditsa khutu pa boneti, ndipo woyerekeza kuyankhula nthawi imeneyo ankamugenda ndi sipanala. Anali munthu wa mtima wapachala. Zaka makumi atatu m'galaja imodzimodzi, mnzawo analibe, ndipo mkazi anawathawa kalekale atatopa ndi kutolera mbale zosweka.

Lachitatu lina masana kunamveka chiphokoso pamphambano, kufupi ndi galajayo. Galimoto yakuda inali itawomba bambo wina wapanjinga yemwe ananyamula matabwa. Ena anathamangira naye kuchipatala, mwendo ukulendewera. Otsalawo anamukokera pansi dalaivala.

A Makutu atafika anamuzindikira. Anali dalaivala wa mayi wina wamasiye, munthu wosalawa n'komwe mowa. Anali gone mumsewu, magazi chuchuchu m'kamwa, nsapato zikumugwera m'nthiti. Wina ankagubuduza tayala, wina atanyamula botolo la petulo. Zinali zochititsa manyazi, chifukwa ambiri mwa omenyawo ngoziyo sanaione n'komwe.

"Buleki inakana!" ankalira dalaivalayo. "Ndinaponda, inangouma gwa!"

"Bodza! Waledzera galu ameneyu!" anakuwa mkulu wake wa wovulalayo, chimunthu chonyamula matumba pamsika, thabwa lili m'manja.

A Makutu sanapemphe njira. Anamumenya wapetulo uja ndi sipanala padzanja, botolo n'kugwa, mwini wake n'kukhala pansi akubuula.

"Mumuwotche ndikamaliza ine," anatero. Kenako anamukoka malaya wamatumba uja. "Inu achimwene, mwendo muli nawo. Lowani, pondani nokha mumve."

Munthuyo analowa m'galimotomo, mwina chifukwa chodabwa. A Makutu anamuuza aponde kangapo injini ili chete, kenako agwire pomwepo. Anapotokola kiyi, injini n'kulira.

"Buleki yamoyo imatsika yokha injini ikalira. Yatsika?"

"Ayi."

"Pondani ngati mukuponda mdani wanu."

Wamatumba anakukuta mano, mpando mpaka kulira, koma chopondera sichinasunthe. A Makutu anatsegula boneti n'kulowetsa mutu.

"Tsekani pakamwa nonse!"

Anthu anakhaladi chete, ndipo kaphokoso kanamveka, fyooo, ngati mpira wobooka. Anatsata ndi chala mpaka pa paipi yochokera ku injini kupita ku chimphika chakuda chimene chimathandiza mwendo kuponda buleki. Paipiyo inali itang'ambika.

"Onani apa. Mpweya ukuthawa. Galimoto yolemera chonchi, popanda ichi, ngakhale inu simungaiimitse."

Akuyankhula choncho, maso awo anagwera pomwe panang'ambikapo. Panali pokulungidwa ndi tepi yakuda, pamwamba pake waya wopotedwa katatu, nsonga atazipindira mkati kuti zisabaye. M'tauni monsemo wopota waya chotero anali mmodzi yekha, a Makutu eni ake. Miyezi inayi m'mbuyomo galimoto yomweyi itabwera kugalaja kwawo, paipi yake inasowa m'masitolo, iwo n'kuika chigamba, nalonjeza kuti akaipeza yatsopano adzaitana. Anaiwala. Mlandu suwola, ndipo a Makutu anachita mantha kwambiri.

Wamatumba anatuluka n'kusuzumira. Anakanda tepiyo ndi chikhadabo.

"Nanga zauve izi anamanga ndani? Si iyeyu, pofuna kubisira abwana ake?"

Dalaivala ankadziwa amene anamanga. Anawayang'ana a Makutu ndi diso limodzi lomwe linali likadatseguka, koma sanatchule dzina. Gulu linayambanso kufuula, watayala uja n'kuyandikira, wina akutola botolo kuti aone ngati mwatsalako petulo.

A Makutu akanatha kubwerera kugalaja, palibe akanawafunsa. Anawerama, naika sipanala yawo pansi bwinobwino.

"Musiyeni mwana wa eni ake," anatero. "Ndinamanga ndine."

Thabwa loyamba linawapeza pamapewa, lachiwiri linawagwetsa chafufumimba. Ali pansi pomwepo, pakati pa miyendo ya anthu, anamuona dalaivala akukwawa kulowera kuseri kwa sitolo, popanda womutsatira.