Phulusa la ba Lazarous

Ogula zitumbuwa pa msika wa ku Mtendere amamudziwa Cathrine ndi mkono wake wamanja. Kuyambira pa chigongono mpaka ku zala uli ndi timadontho toyera ngati nthenga za nkhanga. Iye saubisa, ndipo wofunsa amauzidwa nkhani yonse, afune asafune.

Anabadwira ku Kanyama. Agogo ake aamuna anachoka ku Dedza kudzasenza matumba m'mafakitale a mu Lusaka, sanabwererenso kwawo. Cathrine analekeza sukulu panjira n'kukwatiwa, koma mwamunayo anasamukira kwa mkazi wina ku Kabanana, kumusiya ndi mwana wamkazi, Mwiche, ndi chiwaya. Chiwaya chimenecho ndicho chinawalera awiriwo.

Ankachita lendi chipinda chimodzi ku Kanyama konko, pa puloti ya ba Lazarous, munthu wamtali wa mawu ogwedeza malata. Ntchito ya bamboyu inali kuswa mabatire akale a galimoto. Ankawatola m'magalaja ndi ku mtaya wa ku Chunga, kuwang'amba ndi nkhwangwa, kukhuthulira madzi ake owawa m'ngalande, kenaka kusungunula mtovu wa m'katimo mu chimphika chachitsulo kuseri kwa chimbudzi. Mtovuwo ankaugulitsa pa sikelo. Utsi wake unkasiya kukoma kwachilendo pa lilime, koma anthu anazolowera.

Chomwe amayi a pa pulotipo ankachikonda chinali phulusa lotuwa lomwe ba Lazarous ankakokola pamwamba pa mtovu n'kulitaya pafupi ndi mpanda. Linali losalala, ndipo ukatsukira poto ankawala ngati wa mu shopu. Cathrine ndiye ankalitapa kuposa onse, poti zitumbuwa za m'beseni lowala zimatha msanga. Analisunga m'chitini pansi pa bedi. Mwiche, yemwe anali asanayambe sukulu, ankaphikira nalo masanje, zala zili m'kamwa.

Mwanayo anayamba kukana chakudya. M'mimba munkamupota, ankalira popanda chifukwa, nyimbo za ku tchalitchi zomwe ankaziimba bwino anaziiwala. Amayi ake anamutengera ku mapemphero, ena anati ndi nsanje ya ogulitsa anzawo a pa msika. Tsiku lina anagwa n'kuyamba kuphupha, maso atatembenuka. Ku kiliniki anawatumiza ku chipatala chachikulu, komwe anamutenga magazi. Namwino anafunsa ntchito zomwe zimachitika pafupi ndi nyumba, ndipo atamva za mabatire ndi phulusa lija anagwira pakamwa. Anati m'magazi a mwanayo muli mtovu. Anauza Cathrine kuti ataye phulusalo, azimusambitsa mwanayo m'manja asanadye, pansi azikolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, koma chachikulu n'chakuti mwana atalikirane ndi utsiwo.

Cathrine anataya chitini chija, nauza amayi anzake, ndipo nawonso anasiya. Kenaka anapita kwa mwini puloti, nagwada.

"Ba landilodi, napapata. Vinthu vanu vidwalitsa mwana. Kasungunulileni kutali."

Ba Lazarous anaseka mpaka kutsokomola. "Bamake Mwiche, ine napuma utsi uyu kuchokera mukalibe kubadwa. Nafa? Mapoto anu atawala munanibweretsera chitumbuwa olo chimodzi? Geti ili apo."

Kusamuka kunali kovuta. Inali nthawi ya mvula, Kanyama yense ali m'madzi, ndipo zipinda zouma zinali zitatengedwa kale. Cathrine anafunsa kwa anzake ku George ndi ku Chawama, osapeza. Uku ba Lazarous anakwiya chifukwa amayi a pa puloti anasiya kuwapatsa moni. Kuseri kwa chimbudzi kutadzaza madzi, anasamutsira chimphika chija pakati pa bwalo, moyang'anizana ndi khomo la Cathrine.

M'mawa wina Mwiche anaphuphanso. Amayi ake anamugoneka cha m'mbali mpaka anatsitsimuka. Cathrine atakweza mutu anaona utsi ukulowa pansi pa chitseko. Sanaganize kawiri. Ananyamula ndowa ya madzi, natuluka, nadutsa ba Lazarous, n'kukhuthulira yonse m'chimphikamo. Ankaganiza kuti mtovuwo uzima ngati malasha a pa mbaula.

Mtovu wosungunuka sufuna madzi. Chimphikacho chinaphulika ngati tayala la lole. Madontho amoto anauluka mbali zonse, ena anaboola malata, ena anamatirira pa mkono wa Cathrine, ena pa chifuwa ndi pa khutu la ba Lazarous. Bamboyo anabangula, natola chitsulo chokokolera n'kumumenya nacho pakamwa. Mano awiri anagwera m'matope. Anamugwira tsitsi, kumukwekwesa mpaka ku ngalande, akumuponda m'nthiti. Cathrine anawaluma pa mwendo osasiya, magazi ake ndi awo atasakanikirana. Ndiye amayi a pa puloti anatuluka, wina ndi mthiko, wina ndi njerwa, wina ndi poto yemwe uja wowala. Anawagwetsa pansi ba Lazarous n'kuwasasantha mpaka amuna oyandikana nawo anadzaleretsa.

Onse awiri anagonekedwa m'chipatala chimodzi. Apolisi anatenga chimphika ndi nkhwangwa, koma mlandu unathera m'kukambirana, ndipo akuti bamboyo anakayambiranso ntchito yake cha ku Chunga. Cathrine atatuluka anapeza katundu wake ali panja. Mayi wina wa ku tchalitchi anamupatsa kachipinda ku Mtendere, ndipo anasamuka pa wilibala, chiwaya chili pamwamba.

Lero Mwiche ali pa sukulu. Saphuphanso, amadya bwino, koma kuwerenga kumamuvuta ndipo anabwereza kalasi. Madokotala sanalonjeze kuti zonse zidzabwerera. Cathrine amatsuka mabeseni ndi sopo ndi mchenga wogula kwa omanga nyumba. Sawala ngati kale, komabe zitumbuwa zimatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo chaka chino wawonjezera tebulo la tchipisi. Akaona mnzake akutapa phulusa losadziwika kochokera, kapena akuyatsa mbaula ndi pulasitiki, salalikira. Amangopinda malaya n'kumuonetsa mkonowo. Madzulo akafika kunyumba, Mwiche amamuchingamira pakhomo, manja atatambasula kuti amayi ake aone kuti wasamba.