Dontho la Buluu pa Pulaka ya Achimwene

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha foni ya amayi yomwe inagwera m'ndowa. Ndinali nditamaliza sukulu ku Fonte Boa ndipo ndinkangopalira nyemba kwathu ku Lifidzi, ndiye amayi anandituma ku Ulongwe kuti ndikaikonzetse. Loja, kapena kuti shopu, yomwe ndinalowa inali kachipinda kopanikizana kuseri kwa msika, kodzaza mafoni akufa ndi makompyuta osavundikira. Mwini wake anali a Anselmo, koma aliyense ankawatchula a Mesitiri, kutanthauza mmisiri wamkulu. Akutsegula foniyo, kasikuluwu kanagwa n'kulowa mumng'alu wa simenti. Anakafunafuna ndi tochi osakaona. Ine ndinawerama n'kukatola ndi chikhadabo.

"Maso amenewo mukuchita nawo chiyani kumudziko?" anandifunsa.

"Ndimasankhira nyemba zofumbwa."

"Bwerani Lolemba."

Miyezi yoyamba ndinali wa tsache ndi burashi. Anthu ankalowa, kundiyang'ana ine mtsikana nditagwira sikuludiraiva m'manja, n'kufunsa kuti, "Muno mulibe munthu?" Zinkandiwawa, koma ndinkameza, chifukwa a Mesitiri ankaphunzitsa bwino ndipo sankabisa nzeru. Anandionetsa kuti usanagwire chilichonse cham'kati uyambe wakhudza chitsulo cha bokosi la kompyutayo, kuti magetsi a m'thupi mwako asaphe kachipangizo. Anandionetsa kuyeza fonti, kabokosi kogawa magetsi, poona ngati waya wachikasu ukutulutsadi mavoti khumi ndi awiri. Tsiku lina anatulutsa pulaka ya vidiyo m'katoni ya zakufa yomwe inkakhala pansi pa tebulo. Pulaka imeneyi ndi yomwe imajambula zithunzi za masewero, ndipo pamakina onse ndiyo yodula kwambiri.

"Nunkhiza," anatero. Inkanunkha ngati shuga wopserera. Anaitembenuza n'kundionetsa kuseri kwake komwe kunali kwachikasu. "Iyi ndi yowotcha. Inafa, wina anaiwomba ndi mpweya wotentha kuti idzuke. Imagwira ntchito masiku angapo, kenako n'kufanso. Munthu wogulitsa yotereyi ndi mbava."

Mawu amenewa ndinawasunga ngati a mu tchalitchi.

Lamulo lalikulu la m'lojamo linali la dontho. Chipangizo chilichonse chikayezedwa n'kupezeka chabwino, woyezayo ankachidontheza penti wa zikhadabo. Chifukwa chake n'chakuti anthu ena amagula chabwino, n'kubweza chakufa cha kwina akulira garantiya kuti awasinthire. Penti wa a Mesitiri anali wofiira, ndipo poti ndi amanzere, dontho lawo linkakhala pakona ya kumanzere, m'munsi, pafupi ndi bowo la sikuluwu. Patatha miyezi isanu ndi umodzi anandiikira kabotolo ka buluu patebulo osanena zambiri. Tsiku limenelo ndinayenda mpaka pokwerera shapa, timinibasi takwathu, ndikumwetulira ndekha ngati wopenga. Dontho langa ndinkaliika pakona ya kumanja, m'mwamba, pomwe dzanja langa linkafika mosavuta. Kabotoloko kankagona m'dirowa ya m'loja.

Ndiye kunabwera achimwene anga a Domingo. Iwo anabadwira ku Dedza makolo athu atathawa nkhondo, ndipo chibwerereni kuno ntchito yawo inali yonyamula katundu panjinga pa Kalomwe: matumba a feteleza, makatoni a sopo, chilichonse chomwe amalonda akufuna chiwoloke malire. Maondo anali atayamba kuwakana. M'mawa wa mwezi wa Juni ankadzuka ngati nkhalamba, chonsecho zaka makumi anayi asanakwanitse. Tsidya la Dedza anaona baraka ina, kanyumba ka malata, momwe anyamata ankaima pamzere kulipira kuti asewere mpira pa kompyuta, ndipo maganizo amenewo anawalowa m'mutu osatulukanso.

"Rozalina, undipangire makina a masewero," anatero atakhala pa benchi ya m'loja. Anatulutsa ndalama zokulunga m'pepala la pulasitiki. "Ndalama zonse za mbatatesi zili umu. Njinganso ili momwemu."

"Mwagulitsa njinga?"

"Ndagulitsa. Kapalasidwe kakwana."

A Mesitiri anasuzumira ndalamazo n'kuseka. Anati zimenezo n'zogulira kiyibodi ndi mbewa yake basi. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Panga wekha. Akhale mayeso ako." Ndinawathokoza ndi mtima wonse, ndipo ndikakumbukira kuthokoza kumeneko mpaka lero ndimapsa mtima.

Kupanga makina a masewero ndi ndalama zochepa ndi nkhani yodziwa pomana ndi posamana. Bokosi ndinatola laulere, la kompyuta ya mu ofesi yomwe inapsa ndi mphenzi, ndinalitsuka n'kuliwongola pomwe linapindika. Pulaka yaikulu ndi purosesadori ndinagula zakale kwa mphunzitsi wina amene ankasamukira ku Tete. Memoriya ndinapeza timitengo tiwiri tosiyana mayina koma tofanana liwiro. Pa fonti sindinamane, chifukwa fonti yotchipa ikapsa imapita ndi anzake onse. Kanema anali wailesi yakanema ya achimwene yomwe. Zotsala zonse ndinazisungira pulaka ya vidiyo.

Imeneyo inandiyendetsa milungu itatu. Ziwiri zoyamba zomwe anandibweretsera ndinangozinunkhiza n'kuzibweza, wogulitsa wina mpaka anandifunsa ngati ndikugula nsomba. Yachitatu inali ya dalaivala wa lole wochokera ku Joni, amene mwana wake anali atagula yatsopano. Ndinamunyengerera tsiku lonse kuti alole ndikaiyeze kaye ku Ulongwe. Kuseri kwake kunali kobiriwira bwino, masikuluwu ake osakhudzidwa. A Mesitiri anaitenga, kuitembenuza kawiri, n'kuimba kaluzu. "Wapeza chinthu," anatero. Ndinaidontheza buluu pakona ya kumanja, m'mwamba.

Ndinamanga makinawo Lachiwiri. Purosesadori ili ndi kachizindikiro pakona kofunika kulunjika ndi kanzake, ndipo siikankhidwa, imangokhala yokha. Pamwamba pake ndinaika pasita woziziritsa wochuluka ngati nyemba imodzi, kenako chitsulo chake ndi feni. Memoriya imalira kuti "tha" ikalowa bwino. Mawaya ndinawamanga ndi timizere ta chubu cha njinga kuti asakhudze feni. Nditayatsa, zilembo zinatuluka ulendo woyamba womwewo. Lachitatu ndi Lachinayi ndinasiya masewero a mpira ndi a galimoto akuyenda kuyambira m'mawa mpaka potseka, ndikumagwira bokosi kuti ndimve kutentha. Sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Lachinayi madzulo a Mesitiri anati, "Usakwere nawo shapa, agwedezeka. Tsogola ukathandize kukonza malo. Ine ndibwera nawo Loweruka pa galimoto ya mnzanga."

Ndinaona ngati ndi chifundo. Ndinatseka bokosi, n'kuwasiyira makiyi a dirowa monga mwa masiku onse.

Loweruka baraka ya achimwene inali yosesedwa mpaka panja. Anali ataika mabenchi awiri, kanema pa shelefu, ndipo alamu anga a Selestina anakazinga zitumbuwa. Kunabwera anyamata a sukulu, osintha ndalama a pamalire, ndi anzawo a achimwene onyamula katundu, atatsamiritsa njinga zawo pakhoma. A Mesitiri anafika ndi makinawo atawakulunga m'bulangete. Ndinalumikiza mawaya, ndinayatsa, bwalo la mpira linatuluka lobiriwira, anthu anaombera m'manja. Achimwene anaima pakhomo atapinda manja, akuyesetsa kuti asaoneke kuti akusangalala.

Ola limodzi linatha bwino. Dzuwa litayamba kutenthetsa malata, pakanema panadutsa mizere yobiriwira. Osewera mpira anasanduka timabokosi. Kenako kanema anada, feni ikulira ngati chigayo. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Palibe. Ndinasintha waya, ndinachotsa memoriya imodzi. Palibe.

A Mesitiri anaika botolo lawo la zoziziritsa kukhosi pansi, n'kubwera mosathamanga. Anatsegula bokosi pamaso pa anthu onse, anazula pulaka, anainunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Pepani a Domingo. Ndinamuuza mtsikanayu kuti pulaka iyi ndi yowotcha, koma anakakamira. Onani, dontho lake ili. Ine zanga ndimaika lofiira."

Anainyamula m'mwamba kuti aliyense aone. Donthotu linalidi la buluu. Wosintha ndalama wina anati penti wa zikhadabo azikhala pa zikhadabo, ndipo anthu anaseka.

Ine ndinali kuyang'ana pomwe panali dontholo. Linali pakona ya kumanzere, m'munsi, pafupi ndi bowo la sikuluwu, likadali lonyezimira. Kuseri kwa pulakayo kunali kwachikasu. Ndinaizindikira. Inali ija ya m'katoni ya pansi pa tebulo, yomweyo imene anandinunkhizitsa pondiphunzitsa kuzindikira mbava.

Sindinanene kanthu. Ichi ndicho chimandiwawa kuposa zonse. Kwathu tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumutsutsa pagulu, makamaka amene wakuphunzitsa ntchito, ndipo lilime langa linamvera maleredwe amenewo pomwe mtima unkafuna kukuwa. Komanso ndikanati chiyani? Kuti dontho lili kumanzere m'malo mwa kumanja? Pa anthu onse aja, odziwa tanthauzo la zimenezo tinali awiri okha, ndipo mmodzi anali atalankhula kale.

Anthu anabalalika pang'onopang'ono. Anzawo a achimwene anakwera njinga zawo n'kubwerera kumalire. Achimwene sanakalipe. Analowetsa mabenchi okha, akutsimphina, ndipo podutsa pomwe ndinaima anangoti, "Ndinagulitsa njinga, Rozalina."

Lolemba ndinalawirira ku loja. Patebulo panali makina ena okongola, bokosi lagalasi la magetsi amitundumitundu, a mwana wa wamalonda wina wa feteleza. Sindinafunike kuwatsegula. Kudzera pagalasipo ndinaona pulaka yanga. Pakona ya kumanja, m'mwamba, panali popalidwa ndi mpeni, ndipo kumanzere m'munsi kunali dontho lofiira.

"A Mesitiri, pulaka iyi ndi ya achimwene."

Sanakane, ndipo sanachite ngakhale manyazi oti n'kuyang'ana pansi. "Pulaka yotereyi ikakhale m'baraka ya fumbi pa Kalomwe? Ikanafa basi. Inayo ndimayesa ikhala miyezi iwiri, tikanati aipha ndi magetsi. Yangofulumira."

"Nanga dontho langa?"

"Botolo ndinagula ndine."

Ndinatola makiyi, ndinatsegula dirowa, ndinatenga kabotoloko, ndinawasiyira makiyi awo patebulo. Anandiuza ndikutuluka kuti ndidzabwerera ndekha njala ikandipweteka. Ndinalira njira yonse ya ku shapa, osati chifukwa cha ntchito. Munthu ameneyu ndinkamutenga ngati bambo anga, ndipo anakhala pansi ndi kabotolo kanga m'manja, kuganiza bwinobwino, n'kusankha kuti dzina lodetsedwa likhale langa.

Achimwene ndinawafotokozera zonse, za kumanzere ndi kumanja, za katoni, za bokosi lagalasi. Anamvetsera akupukuta tcheni cha njinga yobwereka, chifukwa anali atabwerera kale kumatumba a feteleza. Nditamaliza anati, "Ndamva." Anapita ku Ulongwe kamodzi, a Mesitiri anawaonetsa dontho lofiira, nkhani inathera pomwepo. Sindikudziwa kuti pobwerera ankakhulupirira ndani.

Ndinaika tebulo pakhonde la msuweni wathu pa Kalomwe n'kuyamba kukonza mafoni. Poyamba ankabwera ndi amayi okhaokha, amuna ankadutsa akunong'onezana za penti wa zikhadabo. Panatha chaka ndisanapeze pulaka ina yabwino. Chaka chonsecho achimwene ankadutsa pa tebulo langa m'mawa uliwonse akukankha njinga yodzaza, chifukwa pachitunda maondo sankalolanso kupalasa. Ankandipatsa moni, ine n'kuyankha, ndipo za makina sitinkazitchula.

Tsiku lomwe ndinapita nayo pulakayo, ndinatsegula bokosi iwo ali pomwepo. Ndinawanunkhizitsa, ndinawaonetsa kuseri kwake, kenako ndinawapatsa kabotolo ka buluu.

"Donthezani nokha, pomwe mukufuna."

Zala zawo n'zozolowera zingwe ndi matumba. Anapaka chidontho chachikulu pakati penipeni, mpaka penti anayenderera. Ndinalowetsa pulaka, ndinamanga sikuluwu, ndinayatsa, bwalo linatuluka. Ndinati ndipite ndi bokosi patebulo langa kuti ndikamange bwino mawaya ndisanatseke.

"Ayi," anatero. "Tseka ndikuona."

Ananena akuseka, koma maso sanachotse pa manja anga mpaka sikuluwu yomaliza.

Baraka ija ikuyenda mpaka lero, ndipo njinga yobwereka anaibweza. Ine ndili ndi kachipinda kangakanga tsopano, ndamanga makina a masewero ambiri, ena ndi ndalama zochepa kuposa zija. Lamulo langa ndi limodzi: mwini makina amadontheza yekha penti pa chipangizo chilichonse, ndipo bokosi limatsekedwa iye akuona, n'kunyamuka nalo nthawi yomweyo. Ena amati, "Mana Rozalina, ife timakukhulupirirani, tsekani tibwera mawa." Ndimawakokera mpando n'kuwapatsa kabotolo. Achimwene anga enieni anafuna kuona manja anga ndikutseka, ndipo sindinawaimbe mlandu.