Ndevu za Theka kwa a Pettiford

Nditabwerako ku Canada, kumene ndinazolowera kuyang'ana mzungu m'maso, ndinapeza tauni yathu ya ku Kentucky ili pa moto wa ndale. Chisankho chinali chitangotha, ndipo zigawo za kumwera zinayamba kudzipatula ku boma pofuna kusunga akapolo awo. Amalume anga, a Elisha Pettiford, ankangonola lumo lawo.

Iwo anabadwira mu ukapolo, nadziwombola ndi ntchito yometa. Ankameta azungu okhaokha, ndipo aliyense anali ndi kapu yake ya sopo pashelefu. Makapu awiri oyandikana anali a abale a mimba imodzi: a Lucius Tandy, mwini minda ya fodya ndi akapolo, ndi mng'ono wawo Horace, wogulitsa nsapato, amene ankati ukapolo ndi tchimo.

Aliyense wa iwo anali atauza amalume kumbali kuti ataye kapu ya mnzake. Kumvera mmodzi kunali kuitana gulu la winayo kuti lidzatenthe nyumba yometeramo.

"Amalume, tiyeni tithawire ku Canada," ndinatero.

"Kuja ndevu zimauma ndi chisanu? Mphwanga, kunjako wabwerako ndi chipewa chokha, nzeru unasiya pa doko."

Loweruka lina abalewo anakumana pakhomo penipeni pa nyumba yometeramo.

"Iwe Elisha, kaponye kapu ya mlaliki wa nsapatoyu mumtsinje!" anakuwa a Lucius.

"Achimwene, inu ogulitsa ana a eni ngati nkhuku, mulamule ndani?" anayankha Horace.

Dzanja la a Lucius linalowa m'jekete, momwe munkakhala mfuti.

"Mabwana, madzi akuzizira," anatero amalume. "Khalani pansi, muzitukwanana muli aukhondo."

Anakhaladi. Amalume anawapaka thovu onse awiri, nameta wamkulu tsaya limodzi, wamng'ono tsaya limodzinso. Kenaka anapinda lumo, nakakhala pa benchi.

"Wasiyiranji?" anafunsa a Lucius.

"Dzanjali lakalamba, bwana. Likamva phokoso limanjenjemera, ndiye pakhosi mpafupi. Mukafuna, kamalizitseni kutsidya kwa mtsinje."

Kwathu kuno bwana angalole kufa kusiyana ndi kuyenda mumsewu ndi ndevu za theka, pa Loweruka, madona ali mbwee m'masitolo. Abalewo anayang'anana pagalasi, thovu likuyenderera m'khosi. Horace ndiye anayamba kuseka.

"Achimwene, mukuoneka ngati mbuzi yopsa mbali imodzi."

"Tseka pakamwa, munthu atimalize," ananong'ona a Lucius.

Amalume anameta pang'onopang'ono, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Za makapu sizinatchulidwenso, ndipo nyumba ija sinapse.

Chaka chisanathe nkhondo inabuka. A Lucius anavala yunifolomu yotuwa ya kumwera, Horace yabuluu ya boma.

"Mwaona, amalume? Simunaletse kanthu," ndinatero tikuonerera asilikali akudutsa.

"Ndinati ndiletsa nkhondo ine?" anaseka. "Mipando ndili nayo iwiri yokha, mphwanga. Dziko lonse ndikanalikhazika pati?"