Chitsime Chimene Bwana Anati N'chozizira

Kuntchito kwathu kuli bambo ena amene timangowatchula kuti a Chingwe. Kwa zaka makumi atatu akhala akutsitsa chipangizo choyezera kutentha m'zitsime zakuya, kufufuza pomwe pali madzi otentha oti nthunzi yake izipanga magetsi. Sapupuluma. Amakonda kunena kuti, "Chitsime chongokumbidwa kumene chimanama. Madzi okumbira aja amachiziziritsa, chipatseni mwezi."

Ndiye kunabwera bwana watsopano, wosamva za munthu. Analamula kuti tiyeze chitsime china patangotha masiku awiri chikumbireni.

"Bwana, mutaya chitsime chabwino," anatero a Chingwe.

"Madala, mwakalamba inu. Tsitsani chipangizocho!"

Chipangizo chinaonetsadi kuzizira. Bwana uja anatitseketsa chitsimecho ndi simenti, anzathu khumi ndi awiri ntchito n'kuwathera pomwepo. Ndikakumbuka, mtima umandiwawa mpaka lero.

Panopa simenti ija inang'aluka, nthunzi ikungofuka. Dzulo bwanayo akudutsa ndi alendo, a Chingwe anavula chipewa chawo, n'kuchiika pamng'alupo mpaka chinanyowa, kenako n'kumupatsa m'manja.

"Gwirani, bwana. Kuzizira kwanu kuja ndi kumeneku."