Kambuku Wopanda Mutu wa Apongozi a Flywell

A Flywell Kamtambo anabadwira ku Mitundu, ndipo ndevu zisanamere anali atakhala kale pa makina osokera pakhonde la golosale ina. Anali telala wa manja abwino koma wa sizasi yosusuka. Mukawapatsa nsalu ya diresi, diresilo linkatuluka lokongola ndithu, koma mwezi usanathe munkakumana ndi kamwana ka mlongo wawo katavala kabudula wofanana ndi diresi lanu. Mukakawafunsa ankayankha osaphethira, "Mayi, nsalu imafota ikamva nsimbi." Atelala a pakhonde onse amakadziwa kadyedwe kameneka. A Flywell ankakatcha chakhumi.

Pakhonde pomwepo ndi pamene anaonera Gladness, mtsikana wophunzira unamwino, atabwera ndi yunifolomu kuti aichepetse m'chiuno. Anaichepetsa pang'onopang'ono kuti mwini wake azibwerabwera, mpaka yunifolomu inathina ndipo ukwati unachitika. Amayi ake a Gladness, gogo Felesta, sanaululutire kwenikweni. Ndiponso kwawoko mwambo ngwouma: mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi ake aakazi, sadyera nawo pamodzi, sawakhudza, ndipo akakumana panjira mkamwini amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Mawu awo amadutsa m'kamwa mwa munthu wina.

Gladness atapeza ntchito pachipatala chachikulu ku Murdoch, dera lina la mzinda uno wa Perth kutsidya kwa nyanja, a Flywell anamutsatira kuno, mutu wa makina ataukulunga m'malaya pansi pa sutikesi. Koma kuno chovala chikang'ambika anthu amangotaya. Makina anakagona m'galaja, eni ake n'kuyamba kusenza matumba a anyezi kumsika waukulu wa ku Canning Vale. Ine ndinawadziwira kutchalitchi, ndipo poti ndine wa imvi, anandisandutsa nkhoswe yawo ya kuno.

Mwana anachedwa kubwera m'banjamo, koma anabwera: kamtsikana, Tisungeni. Tchuthi cha Gladness chinkapita kumapeto, wolera khandalo panalibe, ndipo onse anaona kuti njira ndi imodzi yokha, yoti gogo Felesta akwere ndege. Gogo anakana. Anati kumeneko amamva kuti kumazizira, ndiponso m'nyumba za azungu mulibe tchire loti mkamwini azithawiramo. Apa a Flywell anachita chinthu chanzeru, mwina choyamba chifikireni. Anakagula bulangete lalikulu, lolemera ngati mwana wa ng'ombe, pakati pake pali kambuku wathunthu, kuyambira ndevu mpaka mchira. Gladness analitambasula pafoni amayi ake akuona. Gogo anati, "Ngati ndi limenelo, ndibwera." Chithunzi cha kambukuyo chinazungulira mudzi wonse. Bulangetelo linaikidwa pamwamba pa kabati, m'thumba lake, kudikira mwini wake.

Galu ndiye anafika poyamba. Nkhalamba ina imene Gladness ankaisamalira inali kusamukira kunyumba ya okalamba, kumene ziweto sizilowa, ndipo inamugwira dzanja ndi misozi kuti atenge galu wake. Anali mmodzi wa agalu a mpikisano wothamanga, atapuma pantchito: miyendo ngati ya kakowa, mimba yomatirira kumsana, ubweya waufupi ngati ndevu za dzulo. Dzina lake linali lalitali lachizungu. A Flywell anangomuyang'ana kamodzi n'kumutcha Nthiti.

"Galu ndi mlonda," anatero a Flywell. "Mlonda sagona m'nyumba."

"Bambo a Tisu, ameneyu alibe mafuta, alibe ubweya. Azizidwa."

"Mulungu anamupatsa jekete lake pobadwa. Ine Juni ndimamudziwa."

Tonsefe a ku Malawi timanyada choncho, kuti Juni timamudziwa. Koma Juni wa kwathu ngwaulemu: amakutsina m'mawa, dzuwa likakwera n'kukupepesa. Wa kuno amabwera ndi mvula yopingasa ndi mphepo ya kunyanja yaikulu, ndipo nyumba za njerwa ndi matailosi zimasunga chisanu ngati mtsuko wa madzi akumwa. Munthu umatuluka panja kuti ukafundeko.

Nthiti anamangidwa kuseri kwa nyumba. Sanauwe, sanalonde kalikonse. Anangodzipinda ngati nkhata, kunjenjemera mpaka unyolo kumalira wokha, kenaka anayamba kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya, chakudya n'kuchikana. Anapita naye kwa dokotala wa ziweto, amene ofesi yake, malinga ndi a Flywell, inali yowala kuposa chipatala cha kwawo. Dokotalayo sananyengerere. Galu alowe m'nyumba. Pogona pake pakhale potukuka, osati pa matailosi. Akanyowa ndi mvula apukutidwe mpaka m'zikhadabo. Ndipo avale chovala chophimba khosi, chifuwa ndi mimba, chifukwa agalu a mtundu umenewu chisanu chimawalowa ngati madzi m'dengu.

Chovala cha m'sitolo chinali cha agalu afupiafupi onenepa. Pa Nthiti chinkazungulira n'kukathera pansi pa mimba ngati thewera. A Flywell anachitembenuza, nayang'ana msoko wake, n'kutsonya.

"Amene anasoka ichi amuchotse pa makina, akalime."

Utelala unadzuka mwa iwo. Anatulutsa makina m'galaja, kuwapukuta dzimbiri, kuwathira mafuta. Anayamba ndi thumba la anyezi. Linamukanda galuyo m'khwapa, ndipo nyumba yonse inanunkha ngati kumsika. Anayesa juzi yawo yakale. Nthiti anaikodzera mwaulemu ali chivalire. Loweruka lina, Gladness atapita ndi mwana kokagula zinthu, mvula ikuwomba mazenera, galu akunjenjemera pamapazi pawo, maso a a Flywell anakwera okha pamwamba pa kabati.

Sanaganize zoipa ayi. Anangoti bulangete ndi lalikulu, apongozi ndi aafupi, kampendero kokha sikangaoneke. Anadula kampendero. Koma chifuwa cha galu wa mpikisano nchakuya ngati bwato, kampenderoko sikanakwane. Anadulanso. Khosi nalo lalitali, linafuna kolala yofika m'makutu. Anadulanso. Panafunika lamba wapamimba, ndi chophimba m'ntchafu. Sizasi ikalawa nsalu yabwino siimva mwini wake. Pamene ankaweramuka, Nthiti anali ataima pakati pa galaja atavala jekete loti ngakhale mkwati angalisirire, ndipo pamsana pake panali nkhope yonse ya kambuku, mano ali pamtunda.

Galuyo anasiya kunjenjemera tsiku lomwelo. Anadya, nagona chagada, miyendo m'mwamba.

Gladness atabwera anaima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Bambo a Tisu, chimene wavala galuyo n'chiyani?"

"Wachira, mayi. Taonani mmene akupumira."

"Ndafunsa kuti n'chiyani."

Awiriwo anazungulira masitolo kufuna bulangete lina la kambuku, koma kunali kutatsala a maluwa okhaokha. Gladness anati, "Mudzayankha nokha." A Flywell anapendera bwinobwino mbali yodulidwayo, nalipinda bulangetelo mwaluso, n'kudzilimbitsa mtima kuti pafoni zinthu zimaoneka zazing'ono, gogo sangakumbukire.

Tsiku lofika gogo Felesta anandiitana kuti ndikakhale pakamwa pa awiriwo. Galu anamutsekera m'chipinda chochapira. A Flywell anabisala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, poti ndilo tchire lokha limene linalipo. Gogo anamunyamula mdzukulu wawo, namuimbira, nalira pang'ono, kenaka chisanu cha m'matailosi chinawakwera m'miyendo.

"Gladness, uwauze abambo a mwana andipatse kambuku wanga uja."

Linabwera. Gogo analitambasula pamiyendo, nalisisita. Anapeza mchira. Anapeza miyendo yakumbuyo. Anatsata msana ndi chala mpaka chala chinagwera pampendero.

"Kambuku ameneyu pafoni anali ndi mutu."

Ndinatembenukira kuchitseko. "A Kamtambo, akuti kambuku anali ndi mutu."

Mawu anatuluka ang'onoang'ono. "Muwauze kuti mabulangete a kuno amafota kukazizira."

Ndisanapereke uthengawo, chitseko cha kochapira chinatseguka, poti Nthiti anali ataphunzira kukanikiza chogwirira ndi mphuno. Analowa monyang'wa, zikhadabo zikulira pa matailosi, naima patsogolo pa mlendo, n'kutembenuka ngati akudziwa. Gogo Felesta ndi mutu wa kambuku wawo anayang'anana maso ndi maso.

Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anangolikankha bulangetelo ndi nsonga za zala mpaka linagwa pansi.

"Zotsala za galu ine sindifunda. Sutikesi yanga musamasule. Mundibwezere kundege."

Gladness anagwada, nalira, nawakumbutsa za ntchito ndi za mwana. Gogo anati mwanayo ngwokongola, koma iwo sanawoloke nyanja kudzakhala wachiwiri kwa galu. Anadzitsekera kuchipinda, sutikesi ili chimangire pakhomo. Chotenthetsa m'nyumba anachikana, ati chimaumitsa magazi. Anavala zitenje zonse zimene anali nazo m'chikwama cha m'manja, china pamwamba pa chinzake, nakhala pabedi akunjenjemera mwaulemu wawo wonse. A Flywell anaonda m'masiku ochepa. Ankayenda chonyang'ama, ndipo kuchimbudzi ankapita atayamba akhosomola kaye kuti njira ikhale yoyera.

Amene analibe manyazi m'nyumbamo anali Nthiti yekha. Masana ena anakankha chitseko cha gogo, nakagona pamapazi pawo. Gogo anafuna kumuponda, koma mapaziwo anamva kufunda n'kukana kuchoka. Anapisa dzanja pansi pa jeketelo. Munali ngati m'chikuta. Anatembenuza kolala, nakoka msoko kuti aone ngati ungalekane, nayang'ana mmene lamba wapamimba anakhalira osathina, osalendewera. Madzulo ake ananditumizira mawu kuti ndibwere.

Tinakhala monga poyamba: gogo pampando, Gladness pansi ndi mwana, a Flywell kuseri kwa chitseko.

"Afunseni akamwini angawo. Galuyu anamuyeza?"

"Akuti anamuyeza, mayi."

"Khosi?"

"Khosi anayeza."

"Chifuwa? Mimba?"

"Zonse, mayi."

"Eya. Galu amuyeza, amusokera ndi manja awo, kolala mpaka m'makutu. Ine angonditolera cha m'sitolo, chimene angafunde munthu aliyense wodutsa. Ndiye wolemekezeka m'nyumba muno ndani?"

Gogo anapitiriza.

"Komanso bulangete limafunditsa munthu ali gone. Dziko lino chisanu chake chimakutsata mpaka kukhitchini. Muwauze kuti chotsalacho andisokere chikhoti. Chofika m'mawondo. Kolala ngati ya galuyo. Matumba awiri. Chikandikwana, ndimasula sutikesi. Chikapanda kundikwana, ndege ilipo."

Ndinamva a Flywell akupuma ngati munthu wotula mtolo. Koma vuto linatsala: telala sasoka osayeza, ndipo mkamwini sakhudza apongozi. Gladness anatenga tepi kuti ayeze yekha n'kumatchula manambala. Gogo anamugwira dzanja.

"Iwe! Ukufuna amuna ako amve kukula kwa chiuno changa? Wapenga?"

Ndiye anachita motere. Gladness ankazunguliza chingwe pathupi la amayi ake, n'kuchidula pamene chakumana, n'kuchipereka kwa ine, ine n'kuchilowetsa pampata wa chitseko. Palibe amene ankanena kuti chingwe ichi ncha pati. A Flywell anazilandira ndi manja awiri, atazyolika, nakazindandalika m'galaja n'kumazilingalira okha. Chimodzi chinali chachitali kwambiri moti anabwerera kudzandinong'oneza, "Akulu, ichi ndi msinkhu kapena...?" Ndinawauza kuti ine ndine nkhoswe, si mlosi.

Anasoka ngati akusokera moyo wawo, ndipo ndi mmene zinalilidi. Makina aja, amene anagona zaka m'galaja, analira mpaka aneba anabwera kudzasuzumira. Mkati anaikamo nsalu yofewa, m'manja anapinda kawiri kuti mphepo isalowe. Chikhoticho chinadutsa m'manja mwanga kupita kwa Gladness, kwa Gladness kupita kuchipinda. Tinadikira. Gogo anatuluka atachivala, natambasula mikono, nakhala pansi, naimiriranso, napisa manja m'matumba.

"Gladness," anatero, "m'sutikesimo muli ufa wa mgaiwa ndi chipewa cha mwana. Kamasule zisanachite nkhungu." Ufawo, tinazindikira pambuyo pake, anali atawalanda kale pabwalo la ndege, koma chipewa chinalimo.

Gladness anabwerera kuntchito. Gogo alipo mpaka lero, ndipo nyengo yachisanu ikafika mudzawaona m'mawa m'njira ya kupaki, mwana ali kumsana mkati mwa chikhoti. Nthiti amatsogola ndi mutu wa kambuku, gogo amatsatira ndi mchira, moti chilombo chonse chimayenda mwadongosolo lake. Azungu amaima kuwajambula.

Lamulo la kuno limati galu akadzithandiza panjira, mwini wake atole. Gogo anamva zimenezi nati msinkhu wawo wapyola pamenepo. Choncho cham'mbuyo ndithu, kutsidya lina la msewu monga mwambo ufunira, mumayenda a Flywell ndi kathumba kapulasitiki m'manja. Gulu la kutsogolo likaima pang'ono n'kupitirira, iwo amawoloka, nawerama.

Tsiku lina ndinayenda limodzi ndi gogo, ndipo ndinawafunsa ngati sawamvera chisoni bambo wa mwana, munthu wa luso lake, kumatola zoterozo poyera.

Sanacheuke n'komwe. "Kwathu akamwini amalima munda wa apongozi," anatero. "Kuno munda kulibe. Asiyeni, ntchito yachikamwini akuigwira bwino."