Mphini Zitatu Pafupi ndi Khutu

Ndinanyamuka ine, ndinanyamuka, mwana wanga Esinati ataimba foni kuti, "Amayi, bwerani mudzandilerere ana, ntchito ya unesi yandikulira." Achemwali anga a Nachisale anandiperekeza kokwerera basi ku Dedza. "Pita, koma ubwere ndi nkhope yomweyi."

Kwa Esinati ku Bradford, ku Mangalande, ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa kukolopa kunyumba yosungirako nkhalamba, masana kulera adzukulu ondiyankha m'Chingerezi, kangachepe n'kutumiza kumudzi. Dzuwa ayi, wondilonjera panjira ayi. Mphepo inandidya, inandidya, masaya anagwa, zikope zinalendewera mpaka bowo la singano osalionanso.

Nditatsala pang'ono kubwerera, Esinati anati, "Simungapite chonchi, akanena kuti ndinakuzunzani." Ananditengera kwa dokotala wokonza nkhope, iye n'kumamasulira. Njira zilipo ziwiri, anatero dokotala. Kudula kakhungu ka pazikope basi, maso atseguke. Kapena kucheka kutsogolo kwa makutu, kukoka nkhope yonse ngati akukunga ng'oma, khungu lotsala n'kutaya.

Ndinagwira pamene analozapo. Pomwepo pali mphini zanga, zitatu uku, zitatu uku, zimene malemu amayi anatitema ine ndi achemwali, tsiku limodzi, lumo limodzi.

"Nanga izi?"

"Akuti zipita nawo. Si zachikale izo, amayi? Mukatsika ndege ngati mtsikana."

"Mtsikana wa kwa yani?"

Kunena zoona, utsikanawo ndinaufuna. Ndinali nditatopa nayo nkhalamba ya pagalasi ija. Koma ndinasankha zikope zokha.

Nditafika kumudzi, azimayi ankanong'ona, "Kodi ku Ulaya nakonso amakalamba?" Ndinaseka nawo. Chimene makalata onse ochokera kumudzi anandibisira ndinachipeza pakhonde: achemwali maso anafa.

Ndinagwada, ndinawalonjera. Iwo anatchera khutu.

"Mawuwo ngosasa, sindikuwadziwa. Tasendera."

Zala zawo zinayamba pamphumi, zinatsika m'makwinya, zinakafika pafupi ndi khutu. Anawerenga chapansipansi, imodzi, ziwiri, zitatu. Anatembenuza mutu wanga, anawerenganso.

"Ndiwedi Nelesi. Wachedwa."

Ndinalulutira ine, ndinalulutira misozi ili chuchuchu, nkhuku n'kubalalika pabwalo. Lero ndimawagwira dzanja popita kutchalitchi, ndimawauza pali mwala, ndimawauza akubwerayo ndi mwana wa uje. Maso anatsegulidwa ku Bradford aja, tikuonera awiri.